Wodwala wa pa Bedi Folo

Uthenga wa maliro a Mayi Muheya utandipeza, choyamba chimene ndinachita n'kuseka, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi. Koma mundimvetse. Mayi amenewa ine ndekha anandifera m'manja katatu, anzanga ena kasanu, ena tinaleka n'kuwerenga komwe. Ankati akafa, maso atatembenuza, dzanja lili lende m'mbali mwa bedi, pakatha mphindi ziwiri ankadzuka, kukonza duku, n'kufunsa ngati tiyi wapsa. Choncho mnzanga atandiimbira foni kuti Mayi Muheya atisiya, ndinangoti, "Walakwitsa ndani ulendo uno?" Kenaka ndinakhala pansi n'kuyamba kulira.

Sanali namwino, sanalinso mphunzitsi. Sukulu analekezera Sitandade 2. Ntchito yawo inali yochapa nsalu zapabedi pachipatala pomwe panali sukulu yathu ya unamwino ndi uzamba. Ankakhala m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri la Michesi, ndipo m'mawa uliwonse ankatsika wapansi, nsapato zili m'manja kuti zisathe, n'kudzazivalira pageti. Anali aafupi, amikono yolimba, zala zitatuwa ndi sopo. Koma Lachiwiri ndi Lachinayi masana ankapukuta m'manja, kulowa m'chipinda chathu choyeserera, n'kukagona pabedi lachinayi, la pafupi ndi windo. Pamenepo ankasanduka wodwala, ife n'kumaphunzirira pa iwo tisanaloledwe kugwira odwala enieni. N'chifukwa chake ophunzira tonse, akale ndi ife a nthawi ya matipate, tinkangowatchula kuti a Bedi Folo.

Akuti zinayamba ndi mkangano. Kale ophunzira ankayeserera okhaokha, wina agone, wina amuyeze, onse akuseka chikhakhali. Tsiku lina Mayi Muheya analowa kudzatenga nsalu zakuda, n'kupeza mtsikana ali pabedi akufotokozera mnzake m'Chingerezi chosalala kuti akumva kupweteka kumunsi kwa mimba, chakumanzere, kuyambira dzulo masana. Anaima pakhomo, mtolo uli pamutu, n'kufunsa kuti wodwala wolongosoka chonchi amupeza kuti, poti iwo chibadwire m'Phalombe muno sanamuonepo. Mphunzitsi wathu, Mayi Gondwe, ochokera kumpoto, sankakonda kudulidwa mawu. Anayankha mopsa mtima kuti ngati Mayi Muheya akudziwa kudwala kuposa wina aliyense, agone iwowo. Mayi Muheya anatula mtolo n'kugona, ndipo anakhala akugona pabedi limenelo zaka khumi ndi zisanu.

Kudwala ankakudziwadi. Sankapeka ayi, ankangobwereka amayi amene ankawaona m'mawodi potolera nsalu. Lero akhala mayi wodandaula mutu, pomwe chimene wabwerera n'china, akungodikira kuti mwamuna wake achoke pawindo. Mawa akhala mayi amene wamwa mwanamphepo kumudzi kuti matenda ayambe msanga, n'kumalumbira kuti sanalawe kanthu, kabotolo kali m'chiuno. Akaona kuti wophunzira ndi wa ku Lilongwe kapena ku Mzimba ndipo akudzimva, ankatembenukira ku Chilomwe chokhachokha, n'kumamuyang'ana mwachisoni ngati wodwala ndi iyeyo. Ukawafunsa mwamwano ankatseka pakamwa mpaka ola lithe. Ukawagwira ndi manja ozizira osawachenjeza ankakuwa mpaka mlonda kubwera chothamanga.

Magazi ankapanga okha. Kuseri kwa nyumba yawo kunali chidede chambiri, ndipo ankachiwiritsa mpaka madzi afiire bwino, n'kuthiramo kaufa ka chinangwa kuti muzikhala mibulu. Ankathira m'kajumbo, kukagoneka pansi pawo, ndipo nthawi ikakwana ankakaboola ndi pini mwakachetechete uku akukusekerera. Akafuna kuti chiberekero chimveke cholimba, monga chimakhalira mayi akachira bwino, pamimba ankamangapo dzaye. Akafuna kuti zinthu zivute ankamangapo kathumba kofewa ka gaga. Nsalu zoyesererazo sizinkasowa, chifukwa zipani zitachuluka Mayi Muheya sankaphonya msonkhano uliwonse pa Boma. Ankavina, kuimba, kulandira chitenje, n'kubwera nacho ku Bedi Folo. Mayi Gondwe atawafunsa kuti kwenikweni ali mbali iti, anayankha kuti iwo anaziyesa zonse ndipo zimamwa chidede mofanana, kupatula chimodzi chimene chimasuluka msanga. Dzina la chipanicho anakana kutchula.

Ankakonda kunena kuti anamwino amawerenga mafayilo koma iwo amawerenga nsalu, ndipo nsalu sinawanamizepo. Akangonyamula mtolo wa ku wodi ya amayi ankadziwa kuti bedi lakuti zinthu sizinayende bwino, wina asanawauze. Ankanenanso kuti pakamwa pa mayi wakuno pamalemekeza mlendo, choncho namwino womvera pakamwa pokha ndi mlendo basi, amupatse mpando akhale.

Mkangano wawo waukulu ndi Mayi Gondwe unali wa chidole. Anthu akufuna kwabwino a kunja anatumizira sukulu yathu chidole chachikulu ngati munthu, cha khungu lofiirira ndi tsitsi lachikasu, chotheka kubayidwa jekeseni ndi kuikidwa dilipi. Mayi Gondwe anakondwa ngati alandira mpongozi. Cholakwa chawo chinali chimodzi: anachigoneka pa Bedi Folo. Lachiwiri masana Mayi Muheya analowa akupukuta m'manja, n'kupeza malo awo pali mzungu ali gada, wosavala.

"Mayi Gondwe, simunandiuze kuti mwanditengera mkazi mnzanga."

"Amayi, ichi n'chida chophunzitsira. Chapangidwa ndi akatswiri."

"Chili ndi apongozi?"

"Ayi."

"Chimachita manyazi? Chimanama?"

"Sichilankhula n'komwe, amayi."

"Ndiye anawa chiwaphunzitsa chiyani?"

Anatuluka, ndipo milungu itatu sanapondemo, kupatula pobwera kudzatenga nsalu. Akabwera ankaima kumiyendo kwa chidolecho, kuwomba m'manja mwaulemu wonse, n'kuchifunsa kuti a Dona adzuka bwanji. Dzinalo linakanirira. Ife tinkabaya a Dona m'mawa ndi masana, tonse n'kumakhoza, mpaka Mayi Gondwe okha anaona kuti kalasi yokhoza yonse chonchi pali china chikuvuta. Anapita kochapira kuja, ndipo zimene anakambirana sitinamve. Tinangoona a Dona asamutsidwira pa Bedi Wani. Mayi Muheya anawaveka chitenje, ati munthu wamkulu sangamagone choncho pamaso pa ana, ndipo anagamula kuti majekeseni onse azilandira mkazi mnzawoyo, iwo azilandira mafunso.

Tsopano ndinene za imfa yawo yachitatu m'manja mwanga, chifukwa ndi imene inatsala pang'ono kundibweza kwathu. Ziwiri zoyambazo zinali za masiku wamba oyeserera, zongosekana. Iyi inali ya mayeso a kumapeto kwa chaka, ndipo lamulo linali loti ukalephera kawiri uzilongedza katundu. Ine m'mabuku panalibe wondiposa, ndinene mosadzichepetsa. Koma kwathu ku Ntcheu ndinaleredwa kuti munthu wamkulu umamugwadira, sumuyang'ana m'maso, ndipo nsalu yake sugwira.

Mayi Gondwe anakhala pakona ndi pepala lawo n'kunena kuti, "Mayi awa achira ola lapitalo. Mwana ali bwino. Asamalireni."

Ndinapita pa Bedi Folo n'kugwada.

"Amayi, mukupeza bwanji?"

"Ndili bwino, mwananga. Mwandisamala ndithu."

"Palibe pomwe pakupweteka?"

"Ayi. Kaludzu kokha. Ndi kamphepo aka, mwina mutanditsekera windo."

Ndinatseka windo, kuwapatsa madzi, n'kuwawonjezera bulangete. Ndinawayeza kutentha kwa thupi n'kulemba m'fayilo ndi zilembo zanga zokongola zija. Ndinkadziwa ndithu kuti buku limati uone ngati mayi akutaya magazi, ndipo dzanja langa linafika mpaka m'mphepete mwa chitenje. Mayi Muheya anangoika dzanja lawo pamwamba pa langa, mofatsa, n'kundiyang'ana momwe amayi anga ondibereka akanandiyang'anira.

"Kumeneko kuli bwinobwino, mwananga. Musavutike."

"Zikomo, amayi."

Ndinabweza dzanja. Anayamba kundichezetsa za nandolo wa chaka chimenecho, mawu akunka natsika pang'onopang'ono. Ine ndinati atopa, akufuna kugona, mpaka ndinatembenukira anzanga amene ankaonerera n'kuwauza kuti achepetse phokoso. Ndipamene ndinamva kudontha. Pafupi ndi nsapato yanga yoyera panali chithaphwi chofiira, ndipo dzanja la Mayi Muheya linali kale lende.

Mphindi ziwiri zitatha anadzuka, kukonza duku, n'kuuza kalasi yonse kuti, "Mwana waulemu ngati uyu sindinamuonepo. Wandipha atagwada."

Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ine ndinatuluka ndikulira, ndipo ndinawada mayi amenewa ndi mtima wanga wonse. Mmawa mwake ndinapita kochapira kuti ndikawauze kuti anandichenjerera, poti ndi iwo anandiletsa. Anandipatsa nsonga ya nsalu yonyowa kuti tifinye awiri, ndipo tikufinya choncho anandiuza za mng'ono wawo. Anachirira pakachipatala kena kakang'ono, kalekale, mwana wachisanu. Namwino wake anali mtsikana wofatsa, waulemu. Anafunsa ngati ali bwino, mng'ono wawoyo anati ali bwino, chifukwa mayi wa ana asanu sangadzivundukule pamaso pa kamtsikana, ndiponso kuchinamwali anamulangiza kuti mkazi amapirira. Namwinoyo anathokoza n'kupita kukaona ena. Mng'ono wawoyo sanadzukenso. Zitenje zake anakachapa kumtsinje ndi Mayi Muheya, ndipo anati atangozinyamula anadziwa zonse ndi kulemera kwake.

Anandiuza zimenezi kamodzi kokha, osaleka kufinya, osasintha mawu. Kenaka anati mayi akanena kuti ali bwino ndizimuthokoza, ndizipempha chilolezo ndi ulemu wonse umene anandiphunzitsa ku Ntcheu, ndigwade ngati ndikufuna, koma dzanja lisabwerere lisanakweze nsalu. Atatero anandiuza kuti ndikufinya ngati munthu wosadya.

Mayeso achibwereza anachitika patatha milungu iwiri. Katundu wanga ndinali nditalongedza kale theka, kuti manyazi achepe. Nditalowa ndinapeza zinthu zaipiratu. Mayi Gondwe anali atamanga duku, atakhala pamphepete pa bedi ngati apongozi odikirira, ndipo Mayi Muheya anali atasanduka mkazi wa mkulu wa mpingo, nkhope ili gwa. Nditangoyandikitsa dzanja analimenya.

"Iwe, ine ndine msinkhu wa mayi ako. Kwanu amatero?"

"Asiyeni apume," anatero apongoziwo. "Ife tabereka ana ambirimbiri popanda kutivundukula."

Ndinapempha apongoziwo kuti akatengere wodwala phala, ndipo ananyinyirika mpaka pakhomo. Ndinakoka katani n'kugwada.

"Amayi, mundikhululukire. Ndikweza nsalu yanu kuti ndione. Mudzandikalipira bwino mukapeza mphamvu."

Ndinakweza. Panali pouma. Ndinalowetsa dzanja kunsi kwa msana, kumene ankati magazi amakonda kubisala, nakonso kouma. Ndinagwira pamimba n'kupeza dzaye lolimba bwinobwino. Tsiku limenelo chidede sanabwere nacho n'komwe. Anatsegula diso limodzi.

"Wapeza chiyani?"

"Palibe, amayi."

"Nanga wataya chiyani?"

Ndinakhoza. Madzulo ake ndinamasula katundu wanga, ndipo Mayi Muheya ananditumizira m'kambale nyemba zija za Alomwe, kalongonda, amene ine wa ku Ntcheu ndinali ndisanamudyepo ndipo ndinkamuopa. Ndinadya chifukwa cha ulemu womwe uja.

Patapita zaka ananditumiza kukagwira ntchito pakachipatala kakang'ono ku Chiwalo, komwe mzamba ndinali ndekha. Tsiku lina masana, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndinachiritsa mayi wina wamkulu kwa ine, mtsogoleri wa amayi kutchalitchi kwawo. Khandalo linali mwana wake wachisanu ndi chiwiri, ndipo zonse zinayenda bwino. Nditabwerera kudzamuona ndinamupeza akusekerera, apongozi ake ali pambali akuyangata khanda. Anandithokoza kwambiri. Kenaka anapempha madzi akumwa, n'kuwonjezera kuti akumva kamphepo.

Kamphepo mu Okutobala. Manja sanadikire kuti ndiganize. Ndinatuma apongoziwo kukatenga phala. Mayiyo anagwira chitenje chake n'kunena kuti kumeneko kuli bwinobwino, mawu omwe aja, ngati anachita kuphunzitsana. Ndinapepesa n'kukweza. Kutsogolo kunali pang'ono chabe, koma kunsi kwa msana magazi anali atadzaza papulasitiki ya pabedi, ndipo pamimba panali pofewa ngati kathumba ka gaga kaja. Ndinasisita chiberekero osaleka mpaka chinalimba m'manja mwanga, ndinabaya jekeseni, ndinaika dilipi, n'kuitanitsa ambulansi. Mayiyo ali moyo. Mpaka lero tikakumana pamsika amayang'ana kumbali pang'ono, koma nandolo wake ndimadya chaka chilichonse.

Nditapeza tchuthi ndinakwera njinga mpaka m'tsinde mwa Michesi kukawauza Mayi Muheya, amene nthawi imeneyo anali atapuma ntchito. Ndinawapeza akusenda chinangwa pakhonde. Ndinafotokoza zonse mwatsatanetsatane, ndikuyembekeza kuti mwina andiyamikira. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kundifunsa ngati nsaluyo ndinayamba ndaiviika m'madzi ozizira, chifukwa anamwino amakonda kuthamangira madzi otentha n'kuwononga nsalu za boma. Pambuyo pake ndinadzamva kuti nkhaniyo anaifalitsa mudzi wonse mpaka kuchigayo, ndipo m'kafotokozedwe kawo tinapulumutsa mayiyo ndife awiri, ine n'kumangothandizira. Sindinatsutse, chifukwa ndi mmene zinalilidi.

Kumaliro kwawo anthu a m'mudzi anadabwa. Ankadziwa kuti wamwalira ndi mayi wochapa, koma minibasi zinkangotsitsa anamwino a yunifolomu zoyera, ochokera ku Zomba, ku Mangochi, ena mpaka ku Karonga. Titakhala pansi pa mtengo wa mango tinayamba kuulula machimo athu, aliyense kunena kuti anawapha kangati ndipo motani, mpaka amayi a m'mudzimo ankatiyang'ana mokayika. Mayi Gondwe analipo, atakalamba, akuyenda ndi ndodo. Nthawi yoona nkhope itakwana, mzere wa anamwino unkayenda pang'onopang'ono kuposa wa wina aliyense. Tonse tinkachita chimodzimodzi osauzana: kuima, kuyang'anitsitsa chikope, kudikira. Mayi Gondwe anali patsogolo panga. Anaima nthawi yaitali, kenaka ndinawamva akunong'ona kuti, "Amayi, mphindi ziwiri zakwana."

Titachoka kumanda ndinadzera kusukulu kuja. Chipinda choyeserera chikadali pomwepo, chapakidwa penti watsopano. A Dona ali pa Bedi Wani, mkono uli zibowo zokhazokha, atavalabe chitenje cha chipani, chosuluka moti nkhope imene inali pamenepo sikuonekanso. Pa Bedi Thu ndi Bedi Fili pali zidole zina zatsopano. Bedi Folo lilibe munthu. Ophunzira amene ndinawapeza anati amalipewa chifukwa matiresi ake ali ndi dzenje pakati, lokwana munthu wamfupi yekha, ndipo wamtali akagonapo msana umapweteka. Sankadziwa kuti dzenjelo anakumba ndani. Windo linali lotsegula. Pasimenti, pafupi ndi mwendo wa bedi, pakadali banga lofiirira limene sopo analilephera.

Nsalu inali itayalidwa bwino, yoyera, yokungika m'makona momwe tinaphunzirira. Ndinadikira kuti ophunzirawo atuluke. Ndinagwada, n'kunena kuti, "Amayi, mundikhululukire," ndipo ndinakweza nsaluyo. Panali pouma.